Kuchepetsa Makanema a Maphunziro Pakompyuta ya Kunyumba: Zovuta Zake ndi Mmene Tingazifufuzire

Zolinga za phunziro

Pomaliza kuŵerenga nkhani ino, mphunzitsi wophunzira athe kuchita zinthu zitatu: kufotokoza chifukwa chimene timachepetsera makanema amene tajambula m'kalasi, kuika makanema ambiri pamzere kuti kompyuta iŵachepetse yokha, ndiponso kufufuza mwadongosolo chimene chalakwika ntchitoyo ikaima panjira.

Mau oyamba

Mphunzitsi sadziona yekha pamene akuphunzitsa. Sadziŵa kuti mafunso ake onse akupita kwa ana akhala kutsogolo, kapena kuti akulankhula atayang'ana bolodi. Pofuna kuthetsa vuto limeneli, Dwight Allen ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford ku Amereka anayambitsa m'chaka cha 1963 njira yakuti wophunzira uphunzitsi aziphunzitsa kaphunziro kakafupi, kenaka aone ndi kukambirana ndi anzake zimene wachita. Masiku amenewo makina ojambulira kanema anali olemera ndi okwera mtengo. Lero foni imene ili m'thumba mwanu ikutha kugwira ntchito yomweyo.

Inu mumakhala materemu aŵiri kuno kukoleji, kenaka mumapita kukaphunzitsa m'sukulu kwa materemu aŵiri, ndipo mumadzabweranso kudzamaliza materemu aŵiri. M'materemu a kusukulu aja ife sitingathe kufika kwa aliyense kaŵirikaŵiri. Chigwa cha Shire n'chachikulu: wina ali cha ku Nchalo, wina ku Ngabu, wina kutsidya kwa mtsinje cha ku Makhuwira, ndipo nyengo ya mvula misewu ina siyendeka. Kanema wa phunziro ndiye amatifikitsa m'kalasi mwanu ife tisanakwere galimoto. Koma kanemayo ayenera kuchepa kuti ayende.

Chifukwa chake timachepetsa

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Mafoni ambiri akamajambula zithunzi zikuluzikulu za 1080p amadya malo okwana pafupifupi mamegabaiti 130 pa mphindi imodzi. Phunziro la mphindi 30 lidzadya mamegabaiti 3,900, ndiye kuti pafupifupi magigabaiti 4. Palibe mphunzitsi wophunzira amene angatumize zimenezi pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwake. Kanema yemweyo tikamtsitsa kufika pa 480p angathe kutsala ndi mamegabaiti 250 kapena kucheperapo, mau ndi zochitika zonse zilipo.

Kodi kompyuta imachita bwanji zimenezi? Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, kaŵirikaŵiri 30 pa sekondi imodzi. M'kalasi, khoma, bolodi ndi zenera sizisuntha. Chimene chimasuntha ndi mphunzitsi ndi manja a ana. Pulogalamu yochepetsera imasunga chithunzi chimodzi chathunthu, ndipo pa zithunzi zotsatira imangosunga zimene zasintha. Njira yodziŵika kwambiri yochitira zimenezi imatchedwa H.264, ndipo inakhazikitsidwa m'chaka cha 2003. Kuyerekeza zithunzi zikwi makumi asanu ndi zinayi za phunziro limodzi ndi ntchito yolemetsa, ndipo n'chifukwa chake kompyuta imatentha ndi kutenga nthaŵi yaitali.

Pulogalamu imene ife timagwiritsa ntchito ndi HandBrake, imene Eric Petit anaiyamba m'chaka cha 2003. Ndi yaulere, ndipo ikaloŵetsedwa m'kompyuta siifunanso intaneti. Ubwino wake waukulu ndi mzere: mumatsegula foda yonse ya makanema, mumasankha kukula kumene mukufuna, monga Fast 480p30, mumaika makanemawo pamzere ndi batani lolembedwa Add to Queue, ndipo mukaiyambitsa imagwira mmodzimmodzi monga chigayo chigayira matumba amene afoletsedwa pakhomo. Koma monganso kuchigayo, thumba limodzi lokhala ndi mwala likhoza kusokoneza tsiku lonse.

Zimene zinatichitikira

Chaka china m'mwezi wa Novembala tinasonkhanitsa makanema 24 ochokera kwa ophunzira athu. Tinafuna kuti gulu lonse liŵaonere ndi kukambirana Lachisanu. Lachitatu usiku tinaika onse pamzere, tinasiya laputopu pabedi la m'chipinda cha alendo, ndipo tinapita kukagona. M'maŵa tinapeza laputopu itazima, makanema 9 okha atatha. Tinakwiya ndipo tinayamba kusinthasintha zinthu popanda dongosolo: tinachotsa pulogalamu n'kuiloŵetsanso, tinasintha kukula kwa zithunzi, tinasinthanso fulashi. Tsiku lonse linapita pachabe, pakuti vuto silinali m'zimenezo. Laputopu inatsamwitsidwa ndi matiresi, mphepo inasoŵa poloŵera, ndipo inadzizimitsa yokha chifukwa cha kutentha.

Choŵaŵa kwambiri tinachizindikira Lachisanu lomwelo. Makanema anapezeka 23. Ophunzira aŵiri anali atatcha makanema ao dzina limodzi lakuti Masamu, ndipo pokopera m'foda imodzi, kompyuta itatifunsa, tinavomera mwaphuma kuti wachiŵiri aloŵe m'malo mwa woyamba. Mwini wake wa woyambayo, mtsikana amene anakonzekera phunziro lake kwa sabata yathunthu, anali atafufuta kale wa m'foni mwake pofuna malo. Anakhala phee pamene anzake anali kuonera ntchito zao. Cholakwa chinali chathu, ndipo ndicho chatichititsa kulemba nkhani ino.

Malamulo anayi a wofufuza

Tisanatchule mavuto amodziamodzi, tiyeni tigwirizane za kafufuzidwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loyamba: musakhudze kanema woyambirira. Mukopereni pamalo aŵiri, ndipo musafufute kufikira mutaonera wochepetsedwayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Lachiŵiri: yesani kanema mmodzi wamfupi musanaike makumi aŵiri pamzere. Mayi salonga ndiwo m'mbale asanalaŵe mchere.

Lachitatu: sinthani chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi. Mukasintha zitatu ndipo zinthu n'kuyenda, simudzadziŵa chimene chachiza, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi.

Lachinayi: ŵerengani zimene pulogalamu yalemba. HandBrake imasunga mbiri ya zonse zimene yachita pamalo otchedwa Activity Log. Zambiri za mmenemo n'zovuta kumva, koma mizere yomalizira kaŵirikaŵiri imatchula pamene ntchito inaimira ndi chifukwa chake.

Kenaka dzifunseni funso ili: kodi akulephera ndi makanema onse, kapena mmodzi yekha? Ngati ndi onse, yang'anani kompyuta, magetsi ndi malo osungira. Ngati ndi mmodzi, yang'anani kanemayo. Funso limeneli lokha limadula ntchito pakati.

Vuto loyamba: kutentha

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Purosesa, umene uli ubongo wa kompyuta, ikamachepetsa kanema imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndipo ikafika pakati pa madigiri 90 ndi 100 imachepetsa liŵiro dala pofuna kudziteteza. Zikapitirira, imazima. Zizindikiro zake n'zosavuta: fani imalira kosalekeza, pansi pa laputopu pamaotcha, ndipo kanema woyamba amatha msanga pamene otsatira amachedwerachedwera.

Ikani laputopu patebulo louma, ndipo muikweze kumbuyo ndi timatabwa tiŵiri kuti mphepo idutse pansi. Musaiike pabedi, pamphasa yofunda nsalu, kapena pamiyendo. Fumbi la chilimwe limatseka timabowo totulukira mphepo; lichotseni ndi kaburashi kofeŵa kompyuta itazima. Gwirani ntchitoyi usiku kapena m'bandakucha, ndipo gaŵani mzere wautali kuti ukhale wa makanema asanu kapena asanu ndi mmodzi, makina apumeko pakati.

Vuto lachiŵiri: magetsi ndi tulo ta kompyuta

Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira m'boma lathu lino, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kufikira m'chaka cha 2023. Ngakhale popanda ngozi yotere, magetsi akhoza kuzima usiku inu muli m'tulo. Laputopu imapitiriza ndi batire, koma ntchito yolemetsa imeneyi imamaliza batire msanga kwambiri kuposa kulemba kalata. Amene mumadalira sola, yambani ntchito m'maŵa batire la sola likuyamba kudzaza, poti usiku silingapirire.

Magetsi akazima pakati pa kanema, amene anatha kale ali bwino. Woonongeka ndi yekhayo amene anali m'kati. Mfufuteni wosamalizikayo ndipo mumuyambenso. Mukatsegulanso HandBrake, imakufunsani ngati mufuna kubwezeretsa mzere umene unatsala, vomerani.

Palinso chinthu china chimene chimanyenga ambiri. Kompyuta ikakhala osakhudzidwa kwa kanthaŵi, kapena mukatseka chivindikiro cha laputopu, imagona, ndipo ntchito imaima. M'maŵa mumapeza zonse zili monga munazisiyira, popanda uthenga uliwonse wa cholakwa. Loŵani m'makonzedwe a mphamvu a kompyuta yanu, muiuze kuti isagone ikakhala pamagetsi, ndipo musatseke chivindikiro.

Vuto lachitatu: malo osungira

Mzere ukaima ndipo mbiri ya ntchito ikutchula za kulephera kulemba fayilo, onani ngati malo sanathe. Nkhokwe ikadzaza, chimanga chotsala chimagona panja. Ŵerengerani musanayambe: makanema 24 a magigabaiti 4 akufuna magigabaiti 96, ndipo ochepetsedwawo akufunanso malo ao.

Dziŵaninso izi. Mafulashi ndi makhadi ambiri amabwera atakonzedwa m'njira yakale yotchedwa FAT32, imene siilola fayilo imodzi kupitirira magigabaiti 4. Fulashi ya magigabaiti 32 yopanda kanthu ikhoza kukana kanema mmodzi wa magigabaiti 5 n'kunena kuti ndi wamkulu. Mankhwala ake n'kuikonzanso m'njira ya exFAT, koma kumbukirani kuti kutero kumafufuta zonse zimene zilimo. Sungani kaye pena. Chifukwa chomwechi chimachititsa mafoni ndi makamera ena kudula phunziro lalitali m'zidutswa ziŵiri, ndipo muyenera kutenga zonse.

Musachepetse kanema ali pafulashi kapena pafoni yolumikizidwa ndi chingwe. Chingwe chikagwedezeka, ntchito yafa. Koperani kaye m'kompyuta. Ndipo fulashi imene yadutsa kwa anyamata obena nyimbo pamsika muipime ndi pulogalamu yothana ndi mavairasi, pakuti ilipo vairasi yofala imene imabisa mafoda n'kusiya zithunzithunzi zake zokha. Makanema amaoneka ngati asoŵa pamene angobisidwa. Musafulumire kufufuta fulashi yonse.

Vuto lachinayi: maina

Tanena kale mmene tinatayira ntchito ya wophunzira wathu. Kuyambira tsiku limenelo tili ndi lamulo: kanema aliyense atchedwe ndi nambala ya wophunzira, phunziro, kalasi ndi tsiku, monga 014-masamu-std3-12nov. Dzinalo lisinthidwe asanakopere m'foda ya onse. Makanema ochepetsedwa apite m'foda yaoyao, yosiyana ndi ya oyambirira. Poika foda yonse pamzere, onetsetsani kuti pulogalamu yauzidwa kuti izitcha yokha kanema aliyense potsata dzina la woyambirira. Ndipo kompyuta ikakufunsani ngati iloŵetse fayilo m'malo mwa inzake, chotsani dzanja, ŵerengani kaŵiri.

Vuto lachisanu: kanema woonongeka

Nthaŵi zina HandBrake imakana kutsegula kanema mmodzi ndi kunena kuti siinapeze chogwirapo ntchito. Dzina lilipo, kukula kwake kukuoneka, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Yesani kumtsegula ndi VLC, pulogalamu yaulere yoonera makanema. Akakana kumenekonso, kanemayo ndiye wodwala.

Zifukwa zake zimakhala ziŵiri. Mwina sanakopedwe yense. Yerekezani kukula kwake ndi kwa amene ali m'foni, ndipo mukopenso. Kapena foni inazima pakati pojambula. Kanema wa mtundu wa MP4 ali ndi kalozera amene amanena pamene chithunzi chilichonse chili, ndipo mafoni ambiri amalemba kalozerayo pomaliza, wojambula akadina batani loimitsa. Batire likatha kapena foni ikazima ndi kutentha isanafike pamenepo, zithunzi zimakhalamo koma popanda kalozera. M'mbiri ya ntchito mudzaona mau akuti moov atom not found. Kukonza kanema wotere n'kovuta, choncho kupeŵa ndiko kwabwino: tchajani foni, onani kuti malo alimo, musaiike padzuŵa la pazenera, ndipo jambulani m'zigawo za mphindi 10 kapena 15, monga chiyambi, thunthu ndi mathero a phunziro.

Vuto lachisanu ndi chimodzi: mau osagwirizana ndi milomo

Ili ndilo vuto limene limatikhudza kwambiri monga aphunzitsi a kuŵerenga. Taganizani phunziro la maliwu a malembo mu Sitandade 1: milomo ya mphunzitsi yatsekeka kutchula m, koma mau akumveka ndi a. Kanema wotere sangatithandize kuona ngati mwana watchula bwino. Zimenezi n'zofunika koposa kuno kumene ana ambiri amafika kusukulu akulankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo tifuna kumva bwinobwino mmene mphunzitsi akuŵathandizira.

Gwero lake kaŵirikaŵiri ndi ili: foni siijambula chiŵerengero chofanana cha zithunzi sekondi iliyonse. M'kalasi mukachita mdima kapena foni ikatentha, imachepetsa zithunzi, pamene mau akuyenda mosasintha. Mapulogalamu ena oonera kapena odulira kanema amasokonezeka nazo, ndipo kusiyanako kumakula phunziro likamapita kumapeto. Pa tsamba lolembedwa Video mu HandBrake, sankhani 30 ndiponso Constant Framerate, kenaka muchepetsenso kuchokera kwa woyambirira. Poyesa, musangoona chiyambi. Pitani ku mphindi zomalizira.

Vuto lachisanu ndi chiŵiri: kanema wosaoneka bwino

Mnzanu akadandaula kuti akumva mau koma chithunzi n'chakuda, mwina mwagwiritsa ntchito H.265, njira ya m'chaka cha 2013. Imachepetsa kwambiri, koma mafoni akale ndi otsika mtengo ambiri saitha, ndiponso imachedwetsa kompyuta yofooka. Kwa ife, H.264 m'fayilo ya MP4 ndiyo yoyenera, chifukwa imatseguka pafupifupi paliponse.

Ngati zolembedwa pabolodi sizikuŵerengeka, mwachepetsa mopitirira. Kwezani kufika pa Fast 720p30. Pali nambala yotchedwa RF imene imalamulira kukongola kwa chithunzi, ndipo imayenda chobwerera: ikachepa, chithunzi chimaoneka bwino koma fayilo imakula. Pakati pa 20 ndi 23 mpokwanira pa ntchito yathu. Koma palibe pulogalamu imene ingabwezeretse chimene sichinajambulidwe. Gwirani foni chopingasa, itsamiritseni pamabuku kuti isagwedezeke, zenera likhale kumbuyo kwa wojambula, ndipo ayandikire kuti mau a ana amveke.

Ulemu wa ana

M'makanema ameneŵa muli nkhope ndi maina a ana a eni. Pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu musanajambule, ndipo iye adziŵitse makolo kudzera m'komiti ya sukulu. Kanemayo ndi wophunzirira basi. Asapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp ocheza. Mwana amene walakwa kuŵerenga asasanduke choseketsa cha pamsika. Dziko lathu lili ndi lamulo la m'chaka cha 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, koma mphunzitsi wabwino sadikira lamulo kuti ateteze mwana. Kompyuta ikafuna kupita kwa wokonza, chotsanimo kaye makanemawo.

Phunziro kwa mphunzitsi

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya makina ikufunanji m'magazini ya kaphunzitsidwe. Taonani mwana wa Sitandade 3 amene walemba kuti 52 kuchotsa 17 yankho ndi 45. Mphunzitsi waphuma amangothetha ndi kubwereza phunziro lonse mokweza mau, monga ife tinachotsera pulogalamu yosalakwa. Mphunzitsi wodekha amayang'ana m'kope, limene lili mbiri ya ntchito ya mwanayo, ndipo amaona kuti wachotsa 2 kwa 7 chifukwa sanamvetse za kubwereka. Kenaka amafunsa: kodi alakwa chotere ndi ana onse kapena mmodzi? Ngati ndi onse, cholakwa chili m'kaphunzitsidwe kake. Ngati ndi mmodzi, amakhala naye pansi ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumi, amasintha chinthu chimodzi, n'kumpatsa samu ina kuti aone ngati zathandiza. Kafufuzidwe kake n'kamodzimodzi.

Ntchito yoti muchite

1. M'magulu a anthu anayi, aliyense ajambule mnzake akuphunzitsa chiyambi cha phunziro kwa mphindi 5. Tchani makanemawo potsata lamulo la maina, muŵaike pamzere, ndipo mulembe kukula kwa aliyense asanachepetsedwe ndi atachepetsedwa.

2. Chepetsani kanema mmodzi kaŵiri, pa 480p ndi pa 720p. Muonereni pafoni yaing'ono kwambiri m'gulu lanu. Kodi zolembedwa pabolodi zikuŵerengeka pa uti?

3. Mnzanu waika makanema 12 pamzere. Oyamba 6 atha bwino, wachisanu ndi chiŵiri walephera, otsala 5 atha bwino. Kodi mungayambe kufufuza kuti, ndipo chifukwa chiyani simungayambire pa kutentha?

4. Mnzanu wina wapeza m'maŵa kompyuta ili chete, mzere uli pa kanema wachiŵiri, popanda uthenga wa cholakwa. Tchulani zifukwa ziŵiri zimene zingachititse zimenezi, ndi mmene mungazisiyanitsire.

5. Sankhani cholakwa chimodzi chimene mwachiona m'kope la mwana kusukulu yanu. Fotokozani m'ndime imodzi mmene munapezera gwero lake, ndipo mudzabwere nayo pamodzi ndi kanema wanu tikadzakumana teremu yomaliza.